Kontilakiti Yopanda Mpikisano: Mmene Boma Limalipirira Kafukufuku wa Asilikali

Kontilakiti yopanda mpikisano ndi mgwirizano umene boma limapanga ndi kampani imodzi, sukulu yaukachenjede imodzi kapena katswiri mmodzi popanda kulengeza tenda kuti ena apikisane nawo. Ogwira ntchito yogula katundu wa boma amati njira imeneyi ndi yogula kwa mmodzi. Imaloledwa m'malamulo a mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, ndipo kumene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi ku nkhani za chitetezo, monga pa kafukufuku wa sayansi amene asilikali amafuna.

Njira yozolowereka yogulira zinthu za boma siisiyana kwenikweni ndi zimene mayi amachita pa msika wa Songani, m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde. Akafuna matemba a ku Chilwa sagula pa mulu woyamba. Amayenda mzere wonse, kufunsa mtengo, kununkhiza ngati anauma bwino, kenako n'kubwerera kumene kwamukomera. Ogulitsa amadziwa kuti mnzawo ali pambali, choncho mtengo sukwera mopitirira. Komiti ya sukulu ikafuna simenti imachita chimodzimodzi potenga makotesheni atatu, ndipo unduna ukafuna kumanga mlatho umalengeza tenda m'nyuzipepala. Ntchito ya mpikisano ndi imodzi: kuuza wogula mtengo weniweni wa chinthu.

Kafukufuku salowa bwino m'njira imeneyi. Matemba amaoneka ndi maso asanagulidwe, pamene kafukufuku ndi kugula yankho limene palibe akulidziwa, ndipo nthawi zina yankholo limakhala lakuti chinthucho n'chosatheka. N'kovuta kulemba tenda ya chinthu chimene wogulayo sangathe kuchifotokoza bwinobwino. Chachiwiri, akatswiri ndi makina oyezera amakhala ochepa, mwina labotale yokhoza ntchitoyo ndi imodzi yokha m'dziko lonse. Chachitatu ndi chinsinsi. Kulengeza m'nyuzipepala kuti asilikali akufuna njira yotetezera mawailesi awo kuti adani asamve zokambirana n'chimodzimodzi kulengeza kuti pakadali pano akumveka. Pali ndi chifukwa china chimene chimakhudza kwambiri mayiko osauka: amene anagula ndege ku fakitale ina amabwererabe komweko kukafuna zipangizo ndi luso. Ndege za Dornier 228 zimene asilikali a Malawi akhala akuulutsa kuchokera ku Zomba zinapangidwa ku Germany, ndipo chitsulo cha ndege yotere sichipezeka kwa wowotcherera aliyense.

Dziko limene linakulitsa mchitidwewu ndi America. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ntchito yopanga bomba la atomiki inadya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo makontilakiti ake akuluakulu anaperekedwa mwachinsinsi. University of California inayamba kuyendetsa labotale ya Los Alamos, kumene bombalo linapangidwira, mu 1943 ndipo inakhala nayo zaka zoposa 60 popanda wopikisana nayo, mpaka boma linatsegula mpikisano n'kupereka ntchitoyo ku gulu latsopano mu 2006, gulu limene sukuluyo inalinso momwemo. Mu 1984 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti mpikisano ndiwo ukhale njira yoyamba, koma linasiya zifukwa 7 zololera kuulumpha, monga ngozi yadzidzidzi, chitetezo cha dziko, ndi kusowa kwa wina wokhoza ntchitoyo. Komabe si kafukufuku yense wa asilikali amene amafuna kubisa. Bungwe la ARPA, loona za kafukufuku wa asilikali a America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1958 dziko la Soviet Union litaponya setilaiti ya Sputnik m'mlengalenga, linaitana makampani kuti apikisane pa ntchito yopanga makina olumikizira makompyuta. Kampani ya BBN inapambana, ndipo mu 1969 kunabadwa ARPANET, kholo la intaneti.

Funso lovuta pa kontilakiti yotere ndi la mtengo, poti mnzake wa wogulitsa uja palibe. Njira zilipo ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kugwirizana mtengo umodzi pachiyambi. Ntchito ikadula kuposa pamenepo, woluza ndi kontilakita. Kontilakita wochenjera amadziwa zimenezi, ndiye amaika kale ndalama yowonjezera yodzitetezera. Yachiwiri ndi yakuti boma libweze ndalama zonse zimene zagwiritsidwa ntchito, n'kuwonjezerapo phindu. Apa pali msampha. Phindulo likakhala gawo la ndalama zowonongedwa, monga K10 pa K100 iliyonse, kontilakita amapindula kwambiri ntchito ikamachedwa ndi kudula, ngati mmisiri amene amalipidwa potengera matumba a simenti amene watha. N'chifukwa chake boma la America linaletsa mtundu umenewu, ndipo kawirikawiri phindu limakhala ndalama yokhazikika. Kampani ya DuPont, pomanga mafakitale a ntchito ya bomba la atomiki ku Hanford nthawi ya nkhondo ija, inavomera phindu la dola imodzi yokha, poopa kutchedwa yodyera nkhondo.

Ku Malawi kugula kwa boma kunayamba kuyendera lamulo lake mu 2003, ndipo mu 2017 kunabwera lamulo lina limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira kugula kwa boma la PPDA. Lamulo la 2017 linaika tenda yolengezedwa kukhala njira yoyamba, ndipo linalola kugula kwa mmodzi pa zifukwa zowerengeka, monga pamene wokhoza ntchitoyo ali mmodzi yekha kapena pagwa zadzidzidzi. Linafunanso kuti kugula kotere kuunikidwe ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB. Pamwamba pa izi pali mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Mipanda ilipo yokwanira pa pepala.

Dziko lino silipanga mizinga kapena ndege, choncho kafukufuku amene asilikali ake angafune ndi wa zinthu zapafupi: mapu, nyengo, dothi, madzi, matenda ndi kulumikizana. Tiyerekeze kuti akufuna kudziwa njira zimene boti lingadutse m'madambo a Chilwa madzi akasefukira, monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene asilikali anagwira ntchito yopulumutsa anthu. Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulukamo, yozunguliridwa ndi njedza, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Njira yochoka pa doko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi imene inali yabwino chaka chatha ikhoza kukhala matope okhaokha chaka chino, ndipo kumene mitsinje ya Domasi ndi Likangala imathira madzi kumasinthasintha. Akatswiri a University of Malawi ku Zomba akhala akuyeza nyanjayi kuyambira m'ma 1960. Kuwapatsa ntchito imeneyi popanda tenda kungakhale kwanzeru, chifukwa mlendo angathe zaka akusonkhanitsa zimene iwo ali nazo kale m'mafayilo.

Koma kontilakitiyo ikhale yolembedwa bwino. Wogula ayenera kulemba chifukwa chimene wasankhira amenewa osati ena, ndipo chikalatacho chisainidwe ntchito isanayambe, osati chitafunsidwa ndi ofufuza. Ayenera kudziwerengera yekha mtengo woyenera: masiku a akatswiri, mafuta a boti, malipiro a asodzi olondolera njira, kubwereka makina oyezera kuzama. Malipiro agawidwe m'magawo, gawo lililonse likhale ndi chinthu chooneka, monga mapu a mbali ya kumadzulo asanatuluke malipiro a mbali ya kummawa. Ndipo zilembedwe poyera kuti zotsatirazo ndi za ndani. Mfundo yomalizayi ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Boma likalipira kafukufuku koma zotsatira n'kukhala za kontilakita, ndiye kuti mawa lidzabwereranso kwa yemweyo, ndipo chifukwa chakuti palibe wina wokhoza ntchitoyo chidzakhala choona ndithu, koma boma litadzipangira lokha.

Mavuto amene Malawi wakumana nawo pa kugula kwa asilikali akhudza katundu kuposa kafukufuku, koma khomo lake ndi lomweli. Pa nkhani ya Cashgate, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti pakati pa April ndi September 2013 boma linataya ndalama zoposa K13 biliyoni, zina mwa izo pa katundu amene sanafike ndi mitengo yokwezedwa dala. Mgwirizano wa madola 145 miliyoni umene boma la Joyce Banda linapanga ndi kampani ya Paramount Group ya ku South Africa, womwe unakhudza maboti olondera pa nyanja ya Malawi, unadzudzulidwa ndi boma limene linalowa mu 2014 kuti unali wodula. Mu 2022 makontilakiti a asilikali ndi apolisi operekedwa ku makampani a wamalonda Zuneth Sattar anagwedeza boma mpaka ku ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Kafukufuku ndi wosavuta kubera kuposa izi zonse. Nsapato za asilikali zikhoza kuwerengedwa m'nyumba yosungira katundu, pamene lipoti la masamba 40 lingalipidwe K20 miliyoni kapena K200 miliyoni popanda wodabwa, pokhapokha pakhale katswiri wina woliwerenga.

Mawu akuti "chitetezo cha dziko" ndiwo amatseka pakamwa ofunsa ambiri. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limalola kubisa zimene zingaike chitetezo pachiswe. Komabe chinsinsi chili ndi malire ake. Mmene wailesi ya asilikali imabisira mawu ndi chinsinsi choyenera. Dzina la kampani, ndalama zimene yalandira, ndi yankho lakuti ntchitoyo inatha kapena ayi sizithandiza mdani aliyense. Ngakhale pamene izi sizingalengezedwe kwa anthu onse, aphungu a komiti ya chitetezo ndi ofufuza za chuma angathe kuziona m'chipinda chotseka, atalumbira kusunga chinsinsi, ndipo mafayilo angatsegulidwe patapita zaka zoikika chinsinsicho chikatha ntchito.