Wa zamalonda akalowa kalasi ya mainjiniya

Ku University of Illinois, m'dera la Urbana-Champaign ku America, kuli maphunziro otchedwa Hoeft Technology and Management. Amasonkhanitsa ophunzira zamalonda ndi ophunzira uinjiniya, kenaka n'kuwasinthanitsa: wa zamalonda amakaphunzira za magetsi ndi makina, injiniya amakaphunzira kuwerengera ndalama ndi kutsatsa malonda. Pamapeto amakhala m'magulu osakanikirana n'kupatsidwa vuto lenileni la kampani kuti alithetse.

Ine chimandikoka ndi thukuta la wa zamalondayo. Anazolowera kufunsa kuti katunduyu tigulitsa zingati. Tsopano ayenera kumvetsa chifukwa chake batire likutentha, kapena chifukwa chake pulasitiki yotchipa ija ingasweke ikakhala padzuwa. Poyamba amangoti kakasi, mnzake akamajambula mawaya papepala. Koma akafunsa kuti, "Nanga adzagula ndani pamtengo umenewu?" injiniya uja nayenso amakanda m'mutu.

Kwathu kuno, MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa zamalonda ndi uinjiniya pasukulu imodzi. Aphunzitsi, apatseni ana amenewa ntchito imodzi yoti agwirire limodzi asanamalize maphunziro.