Safunsa Anadya Phula: Nkhani za Chisankho pa Lamya za M'manja

Kale m'dziko muno munthu wofuna kumva za boma ankatchera khutu ku wailesi ya MBC, imene inayamba m'chaka cha 1964, kapena ankadikira nyuzipepala imene inkafika kumudzi patapita masiku. Nkhani zinali zochepa, ndipo zambiri zinkachokera pakamwa pamodzi. Lero zinthu zatembenuka. Mnyamata amene wangomaliza kumene Folomu 4 amadzuka n'kupeza lamya yake yodzaza ndi mauthenga, ndipo ntchito imene yamugwera ndi yosiyanitsa mbewu ndi mankhusu.

Ntchitoyi imalemera kwambiri nthawi ya chisankho. Pa 16 Seputembala 2025 Amalawi anaponya voti, ndipo bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalengeza zotsatira za mpando wa pulezidenti pa 24 Seputembala. M'masiku 8 a pakatiwo, Facebook ndi WhatsApp zinasefukira ndi manambala amene eni ake sankadziwika. Zipani za MCP ndi DPP chilichonse chinkanena kuti chapambana, mpaka bungwelo linachenjeza kuti udindo wolengeza wopambana ndi walo lokha. Potsiriza a Peter Mutharika anapeza mavoti 56.8 pa 100 alionse, pamene a Lazarus Chakwera anapeza 33.

Amene anapusitsidwa msanga m'masiku amenewo ndi munthu amene sankadziwa njira imene voti imayenda. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwe aponyedwa, pamaso pa nthumwi za zipani, ndipo nthumwizo zimasaina chikalata cha zotsatira. Kuchoka apo manambala amasonkhanitsidwa m'madera ndi m'maboma kufikira afike ku likulu lowerengera, ndipo lamulo limapatsa bungwe masiku 8 kuti limalize. Wodziwa zimenezi akalandira uthenga usiku wa tsiku loponya voti wonena kuti wakutiwakuti watenga dziko, amadziwiratu kuti wolembayo sanaone zikalata zonse, pakuti nthawi imeneyo zambiri zikadali m'njira.

Izi sizikutanthauza kuti mawu a bungwe sangatsutsidwe. Pachisankho cha pa 21 Meyi 2019, a Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100, koma a Saulos Chilima ndi a Chakwera anakadandaula kubwalo la milandu. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu a bwalo loona za malamulo aakulu a dziko anathetsa chisankhocho. Chimene chinagwetsa zotsatirazo ndi umboni wogwirika: zikalata zofufutidwa ndi tipeksi, zikalata zina zosasainidwa, ndi mboni zimene zinafunsidwa mafunso kwa miyezi. Mphekesera za pa lamya, ngakhale zinachuluka chotani, sizinalowe m'chigamulo.

Chigamulo chomwecho chinamasulira kuti wopambana mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse. Choncho munthu amene akutsogola ndi mavoti 45 pa 100 sanapambane ayi. Chisankho chiyenera kubwerezedwa pakati pa awiri otsogola. Mfundo imodzi yokhayi ndi yokwanira kuvula bodza la mauthenga ambirimbiri, koma imathandiza yekhayo amene anaiphunzira.

Pali mafunso ochepa amene munthu wanzeru amadzifunsa asanatumize uthenga kwa mnzake. Walemba nkhaniyi ndani, ndipo kodi angapezeke atafunidwa? Chinthuchi chinachitika liti, ndipo kuti? Kodi wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo? Zithunzi nazo zimanama: chithunzi cha chipolowe cha dziko lina, kapena cha zaka zapitazo, chimatha kupatsidwa mutu watsopano n'kuoneka ngati cha dzulo ku Lilongwe. Uthenga umene ukukwiyitsa kwambiri, kapena kukondweretsa kwambiri, ndiwo woyenera kuukayikira koposa, chifukwa wopeka bodza amadziwa kuti mtima wotentha sufunsa.

Apa ndi pamene aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu. Mwana amene wamva m'kalasi za nthambi zitatu za boma, za ntchito ya phungu ndi ya khansala, ndiponso za kayendedwe ka chisankho, wanyamula muyeso woyesera chilichonse chimene lamya ingamuuze. Mphunzitsi angathe kubwera ndi uthenga umodzi wokayikitsa, naufufuza pamodzi ndi ophunzira mpaka gwero lake lipezeke kapena lisowe. Pamudzi, wophunzira yemweyo ndiye amawerengera makolo ake mauthenga, ndipo chimene iye wavomereza banja lonse limakhulupirira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene analeza mtima masiku 8 aja a 2025 sanataye kanthu; amene anathamangira kufalitsa manambala abodza anatsala ndi manyazi pamaso pa abale awo, ndipo ena anadana ndi anansi chifukwa cha nkhani yopanda mwini.