Stem cell si ufa wa m'sacheti

Pa msika wa Domasi ndamva wina akutsatsa ufa wa "stem cell" woti umachiza chilichonse. Anzanga, tiyeni timvetsetsane.

Ma stem cell ndi maselo omwe amabala maselo ena. A m'mafuta a m'mafupa ndi amene amapanga magazi. Mu 2023 Britain ndi America anavomereza Casgevy, chithandizo cha matenda a sickle cell. Madokotala amachotsa maselowa mwa wodwala, n'kuwakonza ndi CRISPR, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Luso la CRISPR linapezetsa Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier mphoto ya Nobel mu 2020. Mtengo wa Casgevy? Madola 2.2 miliyoni.

Ndiye ufa wosungunula m'kapu ungachite zimenezi? Ayi ndithu. Mwana akamatupa manja ndi mapazi, mafupa n'kumapweteka, musataye ndalama. Thamangirani kuchipatala akamuyeze magazi.