Namwali yemwe adakana kukhala chibwenzi cha mfumu

Mfumu ikaloza namwali, ndani angapukuse mutu? Zaka 500 zapitazo ku England, atsikana otumikira kunyumba yachifumu ankadziwa kuti Mfumu Henry VIII, ya banja la Tudor, ikakuponyera diso ndiye kuti nkhani yatha. Koma Anne Boleyn adakana, ndipo kukanako ndi komwe kudakolezera chikondi chomwe chidagwedeza banja, mpingo ndi dziko lonse.

Anne adali mwana wa Sir Thomas Boleyn, kazembe wa mfumuyo. M'chaka cha 1513 bambo akewo adamutumiza kunja kuti akaphunzire mwambo wa kunyumba zachifumu, ndipo adakhala zaka pafupifupi 7 ku France akutumikira Mfumukazi Claude.

Makolo adamuitanitsa kuti adzakwatiwe ndi James Butler pofuna kuthetsa mkangano wa chuma ndi udindo pakati pa mabanja awiriwo. Ukwatiwo udalephereka, ndipo Anne adakhala mmodzi mwa otumikira Mfumukazi Catherine, mkazi wa Henry.

Ena omwe adamuona adalemba kuti sadali chiphadzuwa kwenikweni. Koma paja akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Anne ankavina bwino, ankaimba, ankatchena mwachifalansa komanso adali wochenjera pakamwa.

Mu March 1522 adachita nawo sewero pa phwando la kwa Kadinala Thomas Wolsey, dzanja lamanja la mfumu. Pa sewerolo atsikana adapatsidwa mayina a makhalidwe abwino, ndipo Anne adaimira Kupirira. Henry adavina nawo usiku umenewo, koma mtima wake udali usadatembenukire kwa iye.

Woyamba kumufunsira adali mnyamata wina wa banja lolemera, Henry Percy. Awiriwa adagwirizana zomanga banja, koma Wolsey ndi bambo a mnyamatayo adathetsa chibwenzicho.

Apa n'kuti mfumu ili ndi chake chomwe chinkaisowetsa tulo. Idakwatira Catherine mu 1509, koma mwa ana awo onse yemwe adakula ndi wamkazi yekha, Mary. Mwana wamwamuna yemwe adabadwa mu 1511 adangokhala masiku 52. Henry ankaopa kuti akamwalira popanda mnyamata wolowa ufumu, dziko lidzabwerera ku nkhondo zolimbirana mpando zomwe bambo ake adathetsa.

Mu February 1526, pa masewero a akavalo ku Greenwich, mfumuyo idatulukira itavala chizindikiro cha mtima uli m'malawi a moto, pamodzi ndi mawu osonyeza kuti ili ndi chinsinsi chomwe ikuopa kuulula. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati apa mfumu inkanena Anne.

Poyamba Henry sankaganiza za ukwati. Ankafuna chibwenzi cha mseri basi. Koma Anne adali ataona zomwe zidagwera mchemwali wake Mary, yemwe adakhalapo chibwenzi cha mfumu yomweyo n'kusiyidwa popanda chogwirika. Iye adakana, n'kumapita kukakhala kwawo ku Hever.

Mfumu yomwe inkadana ndi kugwira cholembera idayamba kulemba makalata ndi dzanja lake. Makalata 17 alipobe mpaka lero ndipo akusungidwa ku Vatican, koma mayankho a Anne adasowa. M'kalata ina Henry adadandaula kuti chikondi chamulasa kwa chaka chathunthu osadziwa pomwe waima, ndipo adalonjeza kusiya akazi ena onse ngati namwaliyo angalole.

Patapita nthawi Anne adatumiza mphatso ya kachombo kakang'ono, mkati mwake muli namwali yekhayekha. Mfumu idamva tanthauzo lake: wavomera, koma njira yake ndi ya ukwati.

Vuto lidali lakuti mwambo wa mpingo sunkalola mitala. Mu 1527 Henry adapempha kuti ukwati wake ndi Catherine uthetsedwe, ponena kuti udali wosaloledwa chifukwa mayiyo adayamba wakwatiwa ndi mkulu wake, malemu Arthur. Papa Clement VII adazengereza. Chaka chomwecho asilikali a Mfumu Charles V adalanda mzinda wa Rome, ndipo Charles adali mwana wa mkulu wake wa Catherine.

Kudikira kudatenga zaka 6. Awiriwa adakwatirana mwachinsinsi mu January 1533, ndipo Anne adavekedwa chisoti cha ufumukazi pa 1 June. Mu 1534 nyumba ya malamulo idalengeza kuti mfumu ndiyo mutu wa mpingo ku England, osati Papa. Mpingo wa Anglican, womwenso uli kuno ku Malawi, mbiri yake imadutsa pamenepa.

Koma mwana yemwe Anne adabereka mu September 1533 adali wamkazi. Mnyamata sadabwere, chikondi chidazilala. Anne adamuimba milandu ya chigololo ndi kuukira mfumu, yomwe akatswiri ambiri amati idali yomunamizira, ndipo adamudula mutu pa 19 May 1536. Patangotha masiku 11, Henry adakwatira Jane Seymour.

Mwana wamkazi uja, yemwe kubadwa kwake kudakhumudwitsa bambo ake, ndiye Elizabeth I. Adalowa ufumu mu 1558 n'kulamulira England zaka 44, ndipo iye sadakwatiwe mpaka imfa yake.