Kodi mumadziwa? Manambala a pa tayala

Msewu wafumbi wopita ku Nayuchi, kumalire a Malawi ndi Mozambique, umatha matayala a njinga zamoto msanga. Kabaza wofuna tayala latsopano ayambe wawerenga manambala olembedwa m'mbali mwa lakalelo.

Akaona 2.75-21, monga pa gudumu lakutsogolo la Yamaha DT125, adziwe kuti tayalalo ndi la mainchesi 2.75 m'lifupi, ndipo limalowa pa limu ya mainchesi 21. Gudumu lalikulu chonchi limadutsa bwino m'maenje. Lakumbuyo ndi la mainchesi 18, lonenepa kuti ligwire mchenga.

Chubu nacho chiyenera kufanana saizi ndi tayala. Chikakula chimapindika mkati n'kung'ambika popindikapo. Chikachepa chimatamuka mpaka kuphulika, katundu ali pamsana.