Beseni la pa Sabata, Matope a Lachiwiri

Mvula ikagwa ku Mbayani, timafika kutchalitchi mapazi ali matope okhaokha. Madzi nawo ndi ogula, chidebe chimodzichimodzi. Choncho pa Sabata la Mgonero, kamodzi pa miyezi itatu, kusambitsana mapazi kuno si mwambo chabe: madzi a m'beseni amadadi.

Apa m'pamene mkulu wa mpingo amadziwikira. Enafe timathamangira mnzathu wa sokosi zoyera, n'kusiya agogo a mapazi a ming'alu ali okha pabenchi. Komatu pa Yohane 13 Yesu sanasankhe mapazi. Anasambitsa ndi a Yudasi omwe.

Ukulu wa mpingo si ufumu wobadwa nawo. Mpingo umasankha, abusa n'kudzoza, ndipo malipiro palibe. Popeza m'busa mmodzi amayang'anira mipingo ingapo, ndi mkuluyo amene timamugogodera usiku mwana akatentha thupi, banja likagwedezeka, kapena wodwala akafunika kuperekezedwa ku Queens. Tikamamuopa, tidzafa nazo mumtima.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limakhala kunsi. Inu akulu athu, Lachiwiri likudzali tsikirani kwa mayi wamasiye amene nyumba yake ikudontha. Beseni lija likadali komweko.