Khomo lotumizira zikalata pa intaneti likufunika mlonda

Masiku ano munthu akafuna ntchito, malo kusukulu yaukachenjede kapena ngongole, nthawi zambiri amauzidwa kuti atumize zikalata zake kudzera pa intaneti. Amajambula chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya MSCE, n'kudina batani lotumizira. Posakhalitsa uthenga umabwera wakuti zalandiridwa, mtima n'kukhala m'malo. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawebusayiti a masukulu, mipingo ndi mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo ndikufuna ndikuuzeni kuti khomo lomwe mafayilo amalowera ndi limodzi mwa makomo amene mbava za pa intaneti zimakonda kwambiri.

Webusayiti iliyonse yolandira mafayilo imayenera kufunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, ndinu ndani? Lachiwiri ndi lakuti, kodi muli ndi chilolezo choika chinthuchi pano? Mlonda wa pa ofesi akhoza kumudziwa bwino mesenjala n'kumutsegulira geti, koma izi sizikutanthauza kuti mesenjalayo akalowe m'chipinda cha akauntanti n'kumaika mapepala ake m'kabati ya ndalama. Okonza mawebusayiti ambiri amasamala funso loyamba, amaika pasiwedi yolimba pakhomo lakumaso, koma lachiwiri amaliiwala. Nthawi zina pakhomo lakuseri sipafunsidwa ngakhale funso limodzi.

Kuiwalaku kumachitika motere. Wokonza amabisa batani lotumizira mafayilo kuti lizioneka kwa abwana okha akalowa ndi pasiwedi yawo, iye n'kuganiza kuti watseka. Komatu batani ndi chikwangwani chabe. Kuseri kwake kuli adiresi ya pa seva, kompyuta yomwe imasunga webusayitiyo, ndipo adiresiyo ndiyo imalandira fayilo. Wakuba sasowa batani. Akangoidziwa adiresi amatumiza fayilo yake molunjika, ndipo ngati seva siifunsa za chilolezo, imalandira ndi manja awiri. Kuzula chikwangwani cholozera ku nkhokwe si kutseka nkhokwe.

Chomwe amatumiza sichikhala chithunzi kapena kalata. Amatumiza kapulogalamu kakang'ono komwe akatswiri amakatcha web shell. Kakangokhazikika pa seva, mwini wake amatha kulamula kompyutayo ali kutali: kuwerenga zikalata za anthu, kufufuta zina, kapena kuika tsamba labodza lopempha anthu nambala zawo zachinsinsi. Thumba limodzi la chimanga cha anankafumbwe likalowa m'nkhokwe, chimanga chonse chimasanduka gaga.

Izi zidachitikadi m'chaka cha 2020 kwa anthu ogwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yomwe mawebusayiti ochuluka padziko lonse, kuphatikizapo ambiri a kuno kwathu, amamangidwira. Padali pulogalamu yowonjezera yotchedwa File Manager, yomwe idaikidwa pa mawebusayiti oposa 700 000 kuti eni ake azisamala mafayilo mosavuta. M'kati mwake mudatsala fayilo ina yomwe idali yachitsanzo chabe, koma inkatha kulandira mafayilo kuchokera kwa aliyense popanda kufunsa dzina kapena pasiwedi. Eni pulogalamuyo adakonza vutolo pa 1 Sepitembala 2020 potulutsa mtundu wa 6.9, koma apo n'kuti mbava zitayamba kale kulowa. Kampani yachitetezo ya Wordfence idalengeza kuti m'masiku ochepa okha mawebusayiti oposa miliyoni imodzi adayesedwa kuthyoledwa. Mbava zina zikalowa zinkatseka khomolo kuti zinzawo zisapeze polowera, ngati kuti nyumbayo ndi yawo.

Wina anganene kuti zoterezi zimagwera mapulogalamu aulere. Ayi ndithu. Mu Epulo 2025, kampani ya SAP ya ku Germany, yomwe imagulitsa mapulogalamu kumakampani akuluakulu ndi maboma, idatulutsa mwachangu chokonzera vuto lomweli mu pulogalamu yake ya NetWeaver. Gawo lina lolandirira mafayilo silinkaona ngati wotumizayo ali ndi chilolezo. Pa sikelo yomwe akatswiri amayezera kuopsa kwa mavuto otere, yomwe imathera pa 10, vutoli lidapatsidwa 10 yeniyeniyo. Nakonso mbava zidali zitalowa kale m'makampani ena chokonzeracho chisanatuluke.

Funso la chilolezo silithera polandira fayilo. Limafunikanso pomwe wina akufuna kuona fayilo yomwe yasungidwa. Mu Meyi 2019, mtolankhani Brian Krebs adaulula kuti kampani ya inshulansi ya First American ya ku America idasiya poyera zikalata pafupifupi 885 miliyoni, zina za m'chaka cha 2003. Munthu amene adapatsidwa adiresi ya chikalata chake ankangosintha nambala imodzi pa adiresiyo n'kuona chikalata cha munthu wina, chokhala ndi nambala za akaunti ya kubanki. Sipadafunike luso lililonse, kungodziwa kuwerenga 1, 2, 3 basi. Nchifukwa chake bungwe la OWASP, lomwe limatulutsa mndandanda wa mavuto khumi oopsa kwambiri pa mawebusayiti, lidaika kusayang'anira chilolezo pa nambala 1 mu mndandanda wake wa 2021.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti kwathu kuno webusayiti timaiona ngati chikwangwani cha pasitolo: ukalipira wolemba kamodzi, zatha. Mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa bungwe amalipira mnyamata wodziwa makompyuta, webusayiti n'kuyamba kugwira ntchito, mnyamatayo n'kupita kwina. Zaka zimadutsa popanda woikamo zokonza zatsopano, pomwe makolo ndi ofuna ntchito akupitiriza kutumizamo ziphaso zawo. Ena amati ndife ochepa, ndani angatifune? Mbava sizisankha. Zimagwiritsa ntchito makina omwe amagogoda pa mawebusayiti zikwizikwi usiku umodzi, ndipo makinawo sasiyanitsa banki ya ku London ndi sukulu ya ku Ntcheu.

Inu amene muli ndi webusayiti yolandira zikalata za anthu, simufunika digiri ya makompyuta kuti muteteze anthu anu. Itanani amene adakukonzerani ndipo mumufunse izi. Kodi munthu amene sadalowe ndi pasiwedi akatumiza fayilo molunjika ku seva, imakanidwa? Akuonetseni, asangonena pakamwa. Kodi wophunzira mmodzi angathe kuona kapena kusintha fayilo ya mnzake posintha nambala pa adiresi? Kodi seva imalandira mitundu yokhayo ya mafayilo yomwe mukufuna, monga zithunzi ndi PDF, ndipo imaisunga pamalo pomwe singayambe kugwira ntchito ngati pulogalamu? Nanga ndani amaikamo zokonza zatsopano, ndipo adachita liti komaliza? Mapulogalamu owonjezera omwe simuwagwiritsa ntchito achotsedwe, chifukwa khomo lomwe kulibe silithyoledwa. Zikalata za anthu omwe nkhani yawo idatha zifufutidwe. Kumbukiraninso kuti dziko lino tsopano lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo wosunga ziphaso za ena ali ndi udindo pa izo.

Nanu otumiza zikalata muli ndi mbali yanu. Musatumize zoposa zomwe mwafunsidwa. Pa kope ya chiphaso lembanipo chomwe mukutumizira ndi tsiku, kuti wina asakatengere ngongole m'dzina lanu mosavuta. Ngati mwalandira adiresi ya chikalata chanu ndipo ikutseguka pa foni ya aliyense osafunsa pasiwedi, dziwitsani eni webusayitiyo msanga. Musayese kutsegula za ena, chifukwa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo ndi mlandu.

Chiphaso cha unzika sichili ngati pasiwedi yomwe mungasinthe mawa m'mawa. Dzina, nkhope ndi tsiku lanu lobadwa zikafika m'manja olakwika, zafika basi. Choncho aliyense wopempha anthu kuti atumize zikalata zawo ayambe waonetsetsa kuti pakhomopo pali wofunsa za chilolezo, nthawi iliyonse, kwa aliyense.